Ndi pafupi pompa, amatero odziwa njira

Foni inalira nthawi itadutsa kale 10 koloko usiku. "Amalume, mwagona? Chinthu chija chakananso." Anali mwana wa mlongo wanga, yemwe amasoka madiresi ndi masuti a chitenje ku Limbe. Limeneli linali tsiku lachinayi akulimbana ndi WordPress, pulogalamu yopangira mawebusayiti. Ankafuna kuti bizinesi yake ikhale ndi webusayiti yakeyake, kuti makasitomala ake a ku Johannesburg ndi ku Leeds aziona ntchito yake pamalo amodzi m'malo momangomuvutitsa kuti awatumizire zithunzi pa WhatsApp.

Mtsikana ameneyu si wogona ayi. Anaphunzira za akaunti, ndalama za bizinesi amazilemba mu Excel, malipiro amalandira pa Airtel Money ndi Mpamba, ndipo makina ake osokera akavuta amawamasula yekha n'kuwabwezera. Anali atalipira kale hosting, lendi ya malo osungira webusayiti pa intaneti, ya chaka chathunthu, m'madola, kudzera pa khadi la mnzake. Aliyense amene wagulapo kanthu m'madola chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 akudziwa kuti ndalama yotere siyotola.

Ndinati ajambule sikirini anditumizire. Chithunzi chitafika, pamwamba panali mawu akuluakulu akuti "Error establishing a database connection", kutanthauza kuti WordPress yalephera kulumikizana ndi database, mosungira zolemba za webusayiti.

"Pa dzina la database walemba chiyani?"

"Madiresi, amalume. Dzina lomwe ndinapanga lija."

"Nanga pa username?"

"Telala."

"Tabwerera ku cPanel kuja, uwerenge bwinobwino mmene maina amenewo akuonekera."

Kunali zii kwa kanthawi. Kenako: "Aa! Koma anthu awa. Awonjezera zinazake kutsogoloku!"

Nkhani yonse inali yomweyo. Makampani a hosting amaunjika makasitomala ambirimbiri pa seva imodzi, kompyuta yosungira mawebusayiti, ndiye pofuna kuti maina asagundane, cPanel, tsamba limene mumayendetsera hosting yanu, imaphatikiza dzina la akaunti yanu ndi kamzere kapansi kutsogolo kwa dzina limene mwapanga. Mukalemba kuti madiresi, dzina lenileni limakhala la akaunti yanu, kamzere, kenako madiresi. Username nayo chimodzimodzi. Titakonza zimenezo kunabwera uthenga wina, woti WordPress yalephera kusankha database. Apa vuto linali lakuti kupanga database ndi kupanga user sikukwanira. Ziwirizi umayenera kuzilumikiza, n'kuchonga kabokosi ka ALL PRIVILEGES kuti user uja aloledwe kulemba m'menemo. Tsamba la malangizo la kampani imene anagulako malo linangoti apange database ndi user, basi n'kudumphira pa sitepe yotsatira. Za dzina lowonjezera lija, osatchula. Za kulumikiza, osatchulanso. Masiku anayi anathera pa mizere iwiri imene munthu wina sanaganize zoilemba.

Masiku anayiwo ndikanawaiwala, koma mawu amene ananena tisanadule foni, webusayiti itatseguka kale, anandikhala mumtima: "Kaya amalume, mwina zinthu zimenezi si za ife."

Ndakhala ndikupangira anthu mawebusayiti kwa zaka zambiri ndithu, ndipo ndikufuna ndinene mosapsatira. Munthu wa nzeru zake akatsatira malangizo mzere ndi mzere koma n'kusochera, cholakwika chili m'malangizomo. Opanga mapulogalamu savuta kuvomereza kuti batani losagwira ntchito liyenera kukonzedwa msanga. Mzere wosowa m'malangizo nawo ndi chilema cha pulogalamuyo, ndipo kwa wongoyamba kumene n'chilema choipa kuposa zonse, chifukwa chimamutsekera pakhomo asanaone n'komwe mmene m'nyumbamo mulili.

Tonse tinafunsapo njira kumudzi kwa eni. Mwatsika minibasi pa siteji, mwakumana ndi bambo ali pa njinga, mwawafunsa kwa amfumu akutiakuti. "Aa, ndi pafupi pompa. Mungowongoka." Mumayenda ola lathunthu, njira yagawikana katatu, dzuwa likupendeka. Bambo aja sananame. Kwa iwo ndi pafupidi, pakuti miyendo yawo imadziwa yokha pokhotera, ndipo mphambano zitatu zija anasiya kalekale kuziona ngati mphambano. Koma tsiku lina mumakumana ndi mayi odziwa kulozera mlendo. Amati: "Mukafika pa chigayo mukhotere kumanja, mudutsa mitengo iwiri ya mango, kenako muona tchalitchi cha malata ofiira. Mukaona mjigo ndiye kuti mwapitirira, mubwerere." Mverani mawu otsirizawo. Mayi amenewa akudziwa kuti mlendo amasochera, akudziwanso pamene amasocherera, ndipo akupatsiranitu chizindikiro musanafikepo.

Malangizo ambiri oikira mapulogalamu a mawebusayiti analembedwa ndi bambo a pa njinga aja. WordPress, imene Matt Mullenweg ndi Mike Little anaitulutsa koyamba pa 27 Meyi 2003 ndipo lero imayendetsa mawebusayiti opitirira 40 pa 100 aliwonse padziko lapansi, inatchuka ndi lonjezo loti kuiika kumatenga mphindi 5 zokha. Sindikuti ndi bodza. Ine ndimaiika m'mphindi zimenezo, mwinanso osafika, ndipo poyerekeza ndi mapulogalamu ena a mtundu wake ndi yophwekadi. Kungoti mphindi 5 zimenezo zimayamba kuwerengedwa munthu atafika kale pakhomo. Usanafike pamenepo uyenera kukhala utagula domain, adiresi ya webusayiti yako, kaya ya .com kapena ya .mw imene kaundula wake amasungidwa ndi Malawi SDNP. Uyenera kukhala utagula hosting, utalozetsa domain ija ku seva posintha ma nameserver, zimene zimatha kutenga maola mpaka 48 kuti zifalikire konsekonse, utapanga database, utakweza mafayilo pamalo oyenera. Wongoyamba kumene akawerenga za mphindi 5 n'kupezeka kuti tsiku lachitatu akadali pomwepo, saganiza kuti wotchi inayambira pakati. Amaganiza kuti mutu wake ndi wouma.

Olemba malangizowa si anthu oipa mtima. Ali ndi matenda amene aliyense wodziwa kanthu amakhala nawo. Mu 1990 Elizabeth Newton, ali pa Stanford University, anachita kafukufuku wosavuta: munthu mmodzi azigogoda tebulo motsatira nyimbo yodziwika bwino, wina azimvetsera n'kutchula nyimboyo. Ogogodawo ankayembekezera kuti theka la nyimbozo lizindikiridwa. Pa nyimbo 120, omvetsera anatchula molondola zitatu zokha. Wogogoda amakhala akuimva nyimbo yonse m'mutu mwake, mawu ndi kaimbidwe komwe, pamene mnzake akungomva go, go-go, go. Katswiri akalemba kuti "pangani database", m'mutu mwake mukuimba nyimbo yonse, dzina lowonjezera lija, kulumikiza kuja, kabokosi kaja. Kwa wowerenga kwangofika kugogoda.

M'Chichewa matendawa amaonekera pa kachidutswa kakang'ono ka mawu, ka -ngo-. "Mungopanga database." "Ingokwezani mafayilo." "Mungosintha ma permission." Chingerezi chili ndi timawu take tochita ntchito yomweyo, moti malamulo a kalembedwe amene Google inaikira olemba malangizo a mapulogalamu amawachenjeza kuti azipewa kuuza wowerenga kuti chakutichakuti n'chosavuta. Ine ndinafika poti ndikapeza -ngo- m'zolemba zanga ndimaima n'kukumba, chifukwa pafupifupi nthawi zonse pansi pake pamakhala patabisala masitepe atatu kapena anayi.

Tiyeni tikumbe "ingokwezani mafayilo" yemweyo. Malangizo ambiri amati mutsitse fayilo ya zip, muimasule pa kompyuta yanu, kenako mukweze zonse ku seva ndi pulogalamu ngati FileZilla. Mu zip imeneyo muli timafayilo masauzande. Kwa munthu wa intaneti ya waya ku Frankfurt zimenezi si nkhani, amapita kukathira khofi n'kupeza zatha. Kwa munthu amene laputopu yake ikuyamwa intaneti pa foni ku Ndirande, netiweki ikubwera n'kumapita, timafayilo tina timatsala panjira iye osadziwa, ndipo akatsegula webusayiti amangopeza tsamba loyera mbee, lopanda ngakhale chilembo chomuuza chimene chalakwika. Pali njira yachidule imene aliyense wa ntchitoyi amaidziwa: kweza zip yomweyo ili yosamasula, fayilo imodzi yokha, kaimasulire pa seva pogwiritsa ntchito File Manager ya mu cPanel. Bandulo imapulumuka, nthawi imapulumuka. Komatu ukatero umakumana ndi mphambano ina. Zip ya WordPress ikamasulidwa imatulutsa foda yotchedwa wordpress, zonse zili m'kati mwakemo, ndiye ukapanda kuzitulutsa n'kuziika mu foda yaikulu ya webusayiti yotchedwa public_html mwenimweni, webusayiti yako sioneka pa adiresi imene unagula. Imakabisala pa adiresiyo kuwonjezerapo /wordpress. Sindingawerenge anthu amene anandiimbirapo foni kuti webusayiti yawo yasowa, pamene ili chikhalire chipinda chachiwiri.

Palinso malangizo amene amati utsegule fayilo yotchedwa wp-config-sample.php, ulembemo zoyenera, uisunge ndi dzina loti wp-config.php. Utsegule ndi chiyani? Munthu wozolowera ntchito za mu ofesi amatsegula ndi Microsoft Word, popeza ndi imene amalembera makalata, ndipo Word imatenga tizizindikiro towongoka timene timatchinga mawu uku ndi uku n'kutisandutsa topindika. Kwa maso a munthu palibe chasintha, koma PHP, chinenero cha kompyuta chimene WordPress inalembedwamo, sitizindikira, ndipo zonse zimaima. A WordPress eni ake amachenjeza za zimenezi, koma olemba ambiri amene amakopera malangizo awo n'kuwafupikitsa amayamba kudula machenjezo omwewo. Wina amagwiritsa ntchito Notepad, fayilo n'kusungidwa ngati wp-config.php.txt, ndipo popeza Windows imabisa mchira wa dzina la fayilo, iye amaona ngati zili bwino. Zonsezi ndi mijigo, malo odziwika kumene anthu amapitirira chaka ndi chaka. Wolemba amene satchula malo amenewa ndiye kuti sanayendepo ndi mlendo.

Si ine woyamba kuona zimenezi. M'zaka za m'ma 1980, John Carroll ndi anzake ku IBM ankakhala pansi n'kumaonerera anthu a m'maofesi akuphunzira kulemba pa kompyuta. Anapeza kuti anthu sawerenga mabuku a malangizo mwandondomeko. Amadumpha, amayamba kudina asanamalize ndime, amalakwitsa, ndipo nthawi yambiri imathera pofunafuna njira yotulukira m'cholakwikacho. Mabuku okhuthala a nthawiyo ankalembedwa ngati wophunzira sadzaphonya ngakhale kamodzi. Carroll atalemba malangizo aafupi, oyambira pa ntchito yeniyeni imene munthu akufuna kugwira komanso omuuza mmene angazindikirire kuti walakwitsa ndi mmene angabwererere, ophunzira anayamba kufulumira. Padutsa zaka pafupifupi 40, koma masamba ambiri a malangizo akadali kulembera munthu wosalakwitsa uja, amene sanabadwebe.

Choncho chimene ndikupempha si malangizo aatali. Pambuyo pa sitepe iliyonse pakhale chiganizo chimodzi chonena zimene munthu ayenera kuona ngati zayenda bwino, kapena chithunzi cha sikirini. Uthenga wa vuto umene umakonda kubwera pa sitepe imeneyo ulembedwe pomwepo, mawu ake enieni monga amaonekera, osati kuuponya kumapeto m'gawo la mavuto limene munthu wosokonezeka sakumbukira n'komwe kuti lilipo. Njira ikhale imodzi. Katswiri amakonda kuonetsa kuti ungathe kudzera pa cPanel, kapena pa phpMyAdmin, kapena polemba malamulo pa SSH, ndipo amaona ngati akukuchitira ufulu. Kwa mlendo, njira zitatu ndi mphambano ina yowonjezera. Musankhireni imodzi, zinazo muziike pena. Zofunika zonse zinenedwe poyamba, monga mayi amaonetsetsa kuti ufa, nkhuni ndi ndiwo zilipo asanateleke mphika. Ndipo pamwamba pa tsambalo palembedwe tsiku limene malangizowo anayesedwa komaliza ndi mtundu wa pulogalamu imene anayesera, chifukwa malangizo amawola ngati tomato. Amene analembedwa m'nthawi ya PHP 5.6, imene anasiya kuisamalira kumapeto kwa 2018, akadali mbwee pa intaneti, opanda tsiku, akuoneka ngati a dzulo.

Wina anganene kuti kusochera n'kuphunzira komwe, munthu akavutika masiku anayi saiwalanso. Ndikanavomera zikanakhala kuti kusochera kwake kumathera pa kutaya nthawi. Koma munthu wothedwa nzeru amagwira chilichonse chimene wapeza. Pa maseva a Linux fayilo iliyonse ili ndi manambala atatu osonyeza amene akuloledwa kuiwerenga, kuisintha kapena kuiyendetsa. Pa WordPress, kawirikawiri mafoda amakhala pa 755, mafayilo pa 644. Wongoyamba kumene akakanidwa kukweza chithunzi, n'kupeza penapake palembedwa kuti aike 777 zonse zitheka, amaikadi, ndipo zimathekadi. Palibe amene wamuuza kuti 777 ndiye kuti aliyense aloledwa kuchita chilichonse. Zili ngati kiyi wavuta ndiye mwazula chitseko.

Palinso ngozi ina imene imatikhudza kwambiri ife a kuno, kumene magetsi amatha kuzima ntchito ili pakati. Mukakweza mafayilo a WordPress n'kusiya osamaliza, tsamba lomalizitsira lija limakhala lotseguka kwa aliyense amene angalipeze. Mu 2017 kampani ya zachitetezo ya Wordfence inachenjeza kuti akuba a pa intaneti akusakasaka mawebusayiti osiyidwa chonchi, n'kumamalizitsa okha ntchitoyo polumikiza database yawo, motero n'kulowa m'malo a mwiniwake. Chiganizo chimodzi chokha, choti mukayamba sitepe iyi mumalize lero lomwe ndipo mukalephera muchotse mafayilowo, chikanateteza anthu ambiri. Pa nkhani yotereyi ndimaitama Joomla, pulogalamu ina yopangira mawebusayiti ija inatuluka mu 2005 ndi dzina lochokera ku mawu a Chiswahili akuti jumla. Kwa zaka zambiri inkakana kupitirira mpaka utachotsa foda ya installation, ndipo inadzaika batani lochotsera pa sikirini pomwepo. Langizo labwino koposa ndi limene lalowetsedwa m'pulogalamu momwemo, loti munthu sangalidumphe ngakhale ali ndi tulo.

Vuto lina ndi pamene malangizo amathera, kapena ndinene kuti pamene wowerenga amaganiza kuti athera. Masukulu atatsekedwa pa 23 Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, mnzanga wina wophunzitsa makompyuta pa koleji ina yaing'ono anauzidwa ndi abwana ake kuti pofika Lolemba ophunzira azikhala akuphunzira pa intaneti. Anasankha Moodle, pulogalamu yophunzitsira pa intaneti imene Martin Dougiamas wa ku Australia anaitulutsa mu 2002 ndipo masukulu ambiri padziko lapansi amaigwiritsa ntchito. Anaiika bwinobwino, sikirini n'kuonetsa kuti zatheka, iye n'kupita kukagona. Patatha sabata aphunzitsi anayamba kudandaula kuti zolengeza zawo sizikufika kwa ophunzira. Moodle imadalira cron, kantchito kamene seva iyenera kumakayendetsa yokha mphindi iliyonse, kamene kamatumiza maimelo n'kugwira ntchito zina za kuseri. Kunena chilungamo, malangizo a Moodle amaitchula cron momveka, sabisa. Mnzangayo ndiye anasiya kuwerenga ataona kuti zatheka. Koma ndani sakanasiya, 2 koloko usiku, abwana akudikira? Chimene ndinatolapo ine n'chakuti malangizo azithera pa mayeso a ntchito yeniyeni: dzilembetseni ngati wophunzira, lengezani kanthu, dikirani imelo. Ikapanda kufika, simunamalize.

Tsono pali zimene anzanga a ntchitoyi amandiyankha ndikayamba kudandaula chonchi. Choyamba amati nkhaniyi inatha kale, masiku ano kuli Softaculous, umangodina kamodzi WordPress yalowa. N'zoona, ndipo wongoyamba kumene aliyense amene hosting yake ili ndi batani limenelo ndimamuuza kuti adine lomwelo. Koma si makampani onse amene ali nalo, si mapulogalamu onse amene alimo, ndipo batanilo silikugulira domain, silikusinthira ma nameserver, silikuuza chifukwa chimene Chrome ikulembera "Not secure" pambali pa adiresi yako, monga yakhala ikuchitira pa mawebusayiti onse opanda HTTPS, njira yotetezera uthenga pakati pa webusayiti ndi woitsegula, kuyambira Julayi 2018. Silikuuza kuti satifiketi yothetsera zimenezo ungaipeze kwaulere kudzera ku Let's Encrypt, moti ena amalipira madola pa chinthu chaulere. Ndipo tsiku limene kampani idzasamutse seva kuchoka pa PHP 7.4, imene anasiya kuisamalira mu Novembala 2022, webusayiti n'kuyera mbee, munthu wongodina kamodzi uja sadziwa n'komwe kuti ali ndi database. Batani lachotsa sitepe imodzi yovuta, koma ulendo wonse ukufunabe wolozera.

Ena amati kuli mavidiyo pa YouTube. Alipodi, ndipo ndikumvetsa chifukwa chimene anthu amawakondera: amaonetsa zimene uyenera kuona, chinthu chimene malangizo olembedwa amachinyalanyaza. Koma vidiyo ya mphindi 20 imadya bandulo imene ikanakwanira ntchito yonse, sungakopere mzere kuchokera m'vidiyo, ndipo batani limene munthuyo akudina kumanzere linasamutsidwa chaka chatha. Za ChatGPT ndi anzake, zimathandiza ndithu ukazipatsa uthenga wa vuto monga ulili. Kungoti munthu amafunsa chimene akudziwa kuti sakuchidziwa. Mwana wa mlongo wanga sakanafunsa za dzina lowonjezera limene sankadziwa kuti liliko. Timati safunsa anadya phula, koma kuti ufunse uyenera kuyamba wakayikira kuti mwina chili m'manjachi si uchi.

Yankho limene limandinyansa ndi loti amene sadziwa alembe ntchito katswiri. Ndikunena izi ndikudziwa kuti nsima yanga imachokera kwa anthu osadziwawo. Mapulogalamu ngati WordPress, Joomla, Drupal ndi Moodle anaperekedwa pa chilolezo cha GPL kuti aliyense athe kuwatenga, kuwagwiritsa ntchito ndi kuwasintha. Chinthu chaulere chimene pakhomo pake payima mlonda wofuna ndalama ndi chaulere pa dzina lokha. Komanso ndaona kokwanira zimene zimachitika bungwe laling'ono, mpingo kapena sukulu ikasiya zonse m'manja mwa "mnyamata wa IT". Domain amailembetsa m'dzina lake, mapasiwedi onse ali mu foni yake, kenako wapeza mwayi wapita kunja, nambala siikupezekanso. Chaka chikatha webusayiti yazima, eni ake osadziwa ngakhale kampani yoti akaifunse. Mwini webusayiti amene anaiika ndi manja ake, ngakhale atadzalemba katswiri pambuyo pake, amadziwa makiyi amene ayenera kukhala m'thumba mwake.

Pali dandaulo limodzi limene ndimalilemekeza. Ambiri amene amalemba malangizo a mapulogalamu aulere ndi anthu ongodzipereka, amalemba usiku ataweruka ku ntchito zawo, ndipo kuwalalatira n'kupanda ulemu. Komabe pakati pa ongodziperekawo ndi pamene pachokera zitsanzo zabwino. Django Girls, imene Ola Sitarska ndi Ola Sendecka a ku Poland anaiyambitsa mu 2014 ku Berlin pofuna kuphunzitsa amayi kupanga mawebusayiti, ili ndi phunziro limene limayamba n'kufotokoza mmene intaneti imagwirira ntchito komanso chimene windo lakuda lolembamo malamulo lija lili, ndipo ukalemba lamulo amakuonetsa zimene kompyuta iyenera kuyankha. Daniele Procida, pa ndondomeko yake yotchedwa Diátaxis, anasiyanitsa phunziro logwira mlendo padzanja ndi zolemba zofufuzamo katswiri, n'kuonetsa kuti ukaziphatikiza pa tsamba limodzi onse awiri umawakhumudwitsa. Kuchokera mu 2013 kuli gulu la Write the Docs limene limakumana kukambirana nkhani yomweyi. Nzeru zake zilipo kale, zaulere. Ndiye makampani a hosting, amene amalandira ndalama mwezi ndi mwezi, ndipo amadziwa bwinobwino mmene cPanel yawo imaonekera ndi dzina limene imawonjezera, alibe pothawira. Mafunso amene makasitomala amawatumizira tsiku ndi tsiku ndi mndandanda wa mijigo yonse, wobwera wokha. Funso limodzi likabwera kakhumi, malo ake ndi pa tsamba la malangizo.

Nanga kuwamasulira m'Chichewa? Ndikufuna zitatero, koma ndili ndi mantha awiri. Kumasulira malangizo obooka kumangobereka malangizo obooka a Chichewa, mizere iwiri ija ikhalabe yosowa. Ndiponso pali chidwi china chofuna kumasulira chilichonse, mpaka maina a mabatani. Ngati pa sikirini palembedwa kuti Add User To Database, malangizo anene mawu omwewo monga alili, chifukwa munthu akuwafunafuna ndi maso. Chichewa chigwire ntchito imene chimaitha bwino, yofotokoza. Database ndi kabati yosungiramo zolemba zonse za webusayiti, user ndi kalaliki, ndipo kugula kabati n'kulemba kalaliki sikuthandiza ngati simunamupatse kiyi. Nditamuuza choncho mwana wa mlongo wanga, anaseka n'kunena kuti, "Bwanji osangolemba choncho?" Onani, nayenso wagwiritsa -ngo-.

Mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo njira yokhayo imene ndikuidziwa yopezera mabowo m'malangizo ndi kumubwereka kalumoko. Jakob Nielsen, wofufuza za mmene anthu amagwiritsira ntchito mawebusayiti, analemba mu 2000 kuti kuyesa ndi anthu asanu okha kumavumbula mavuto ambiri. Ine ndinayamba ndi mmodzi. Ndili ndi masamba awiri a malangizo amene ndakhala ndikupatsa makasitomala ofuna kudziikira okha, ndipo ndinkanyadira kuti ndi omveka. Loweruka lina ndinapita ku Limbe, mwana wa mlongo wanga n'kuitana mnzake wa saluni amene nayenso ankafuna webusayiti. Ndinamupatsa mapepalawo ndi laputopu, ine n'kukhala pa mpando wa pulasitiki pambali, manja nditapinda, nditalumbira kuti sinditsegula pakamwa.

Kovuta kwake n'komweko. Dzanja limayabwa kufuna kulanda mbewa ya kompyuta, pakamwa pamafuna kunena kuti "apo, apo!" Mtsikanayo anawerenga mzere woyamba, n'kudutsa. Pa wachiwiri anaima. Anayang'ana pepala, n'kuyang'ana sikirini, n'kutembenuza pepala kuona ngati kuseri kuli zina. Anatsegula Google n'kulemba kuti cPanel, n'kufika pa webusayiti ya kampani yopanga cPanel, n'kuyamba kufufuza polowera pamenepo. Patapita nthawi anandiyang'ana mwamanyazi. "Pepani bambo, apa mwati lowani mu cPanel. Ndilowera kuti?"

Ndinali ndisanalembe paliponse kuti adiresi yolowera, username ndi pasiwedi zimabwera mu imelo imene kampani ya hosting imatumiza ukangolipira. Imelo yakeyo tinakaipeza mu Spam, ili pakati pa otsatsa ngongole ndi wina wolonjeza mphoto ya galimoto. Mwana wa mlongo wanga anali pa makina ake akusoka, osatukula mutu. "Ndi pafupi pompa, amalume," anatero.

Tsikulo mtsikana wa saluni anaima malo asanu ndi awiri, ndipo ine ndinalemba onse kuseri kwa risiti ya nsalu. Masamba anga awiri aja tsopano ndi anayi. Mzere woyamba umati: "Fufuzani imelo imene kampani ya hosting inakutumizirani tsiku limene munalipira. Mukapanda kuipeza, onani mu Spam."